Zili Pamzere, Mayi a Kabatani

Ntchito zanga za Loweruka limenelo zinali izi: kutunga madzi mpopi usanayambe kutsokomola, kuviika zovala, kuwiritsa madzi a tiyi, kusambitsa mwana, kusita malaya awiri magetsi asanathime, kuthamangira kumsika tomato wabwino asanathe, kuphika, kutsuka mbale, kukolopa, kuanula zovala, kenako kumeta amuna anga. Zonse ndinazichita. Ine sindigoneka ntchito. Sukulu ndinalekera Fomu 2, chaka chimene amayi anadwala n'kundisiyira azing'ono anga atatu, ndipo kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti mbale ya lero ukaisiya, mawa imadzuka ndi anzake.

Amuna angawo ndinawakhazika pampando kuseri kwa nyumba, nsalu pamapewa. Mwana wathu, amene tinkamutcha Kabatani chifukwa chilichonse chodinika ankachidina, anali pansi akutola tsitsi la bambo ake n'kumalinunkhiza. Ndikupinda khutu lakumanzere kuti makina ometera adutse, chala changa chinagunda kanthu kolimba m'munsi mwa khutulo. Kukula kwake ngati nyemba.

"Ichi n'chiyani, bambo a Kabatani?"

"Chiyani? Mwandicheka?"

"Pali kachotupa apa. Bweretsani chala."

Anagwirapo, n'kukagudubuza ngati akusankha nyemba pamsika. "Aa, kameneko ndi ka nzeru. M'mutu mwadzaza, ndiye zina zayamba kutsikira m'khosi."

"Kakupweteka?"

"Ngakhale pang'ono."

"N'chifukwa chake sindikukafuna. Chithupsa chimapweteka, chimaphulika, nkhani n'kutha. Aka kachete. Lolemba mupite kuchipatala."

Anapisa m'thumba la buluku, natulutsa kope lawo laling'ono lachikuto chobiriwira, n'kulemba ndikuona: kuchipatala, Lolemba. Ndiye anandionetsa ngati mwana woonetsa mphunzitsi.

"Zili pamzere, mayi a Kabatani. Malizani mbali inayi, ndikuoneka ngati nkhuku yososoledwa theka."

Ndiyenera kufotokoza za mzerewu, poti m'nyumba mwathu unali ngati munthu wachinayi.

Amuna anga ankalemba mapulogalamu a kompyuta. Osati a pafoni aja, okhala ndi zithunzi ndi nyimbo, ayi. Awo anali a m'kati mwenimweni mwa makina, malo amene ankawatcha kenelo. Ankati makina akanakhala nyumba, kenelo ndiye mayi wa m'nyumbamo: alendo samuona, koma ndiye amagawa kuti uyu adye tsopano, uyu adikire, uyu akatseke chitseko. Kampani yawo inali yaing'ono, anthu asanu ndi mmodzi, ndipo inkapanga timabokosi tomata pa mafuriji osungira katemera m'zipatala. Kabokosiko kankayang'anira kuzizira. Furiji ikayamba kufunda, kankaliza belu n'kutumiza uthenga pafoni ya namwino. Masiku ambiri ankagwirira ntchito kunyumba, m'kachipinda kamene anzathu akanagonekamo alendo. Munali tebulo, kompyuta, mawaya ochuluka ngati mizu ya mbatata, ndi furiji yaing'ono yoyeserera. Ndiyo inali furiji yokhayo m'nyumba mwathu, ndipo munkakhala mabotolo a madzi asanu ndi limodzi okhala ndi manambala. Ine sindinkaloledwa kuikamo ngakhale tomato mmodzi.

Za mzere anandifotokozera titangokwatirana kumene, ine ndili pamoto, iwo atatsamira chitseko.

"Tiyerekeze mafuta ali pamoto chonchi, ndiye wina wagogoda. Mumatani?"

"Ndimafuula kuti ndani."

"Ndi amayi a nyumba inayo, akufuna muwaluke tsitsi."

"Ndimawauza kuti ndamva, abwere ndikaphula."

"Basitu! Kenelo imachita zomwezo. Chinthu chikagogoda, singaime pakhomo n'kumacheza, chifukwa ikakhala pakhomopo zina zonse zaima, mafuta apsa. Ndiye imayankha msangamsanga, ntchito yeniyeniyo n'kuilemba pamzere. Ili ndi antchito ake amene akapeza mpata amatenga ya kutsogolo n'kuichita. Ntchito ina imalembedwa ndi nthawi yake, kuti iyi ichitike pakatha mphindi khumi."

"Ndiye kuntchitoko amakusungani chifukwa chophunzitsa makina zimene mkazi aliyense amadziwa?"

"Chonde musakauze abwana."

Anandiuzanso malamulo awiri. Loyamba, ntchito ikakhala kale pamzere, kuinena kachiwiri sikuifulumizitsa. Limeneli ankalikonda kwambiri, makamaka ndikakumbutsa za mpopi wodontha. Lachiwiri, ukafuna kuchotsa chigawo china cha pulogalamu, uyambe waona ntchito zake zimene zidakali pamzere. Uzimalize kapena uzifafanize. Ukazisiya, wantchito uja amafika nthawi yake, amakagogoda pakhomo pa chinthu chimene kulibe, ndipo makina onse amangoti zii.

Moyo wawo ankauyendetsa chimodzimodzi. Ukawauza kanthu, sakana, sakwiya, amangotulutsa kope. Ndipo zambiri ankazichitadi. Ndikunena zimenezi kuti wina asaganize kuti anali munthu waulesi. Anali munthu woti akayamba chinthu amaiwala kuti ali ndi mimba yofuna kudya.

Lolemba lija foni inalira tikumwa tiyi. Anali abwana awo. Pachipatala china chachikulu furiji inali itafunda tsiku lathunthu, katemera yense n'kuonongeka, koma kabokosi kosalira ngakhale kamodzi. Ndinawaona akuika kapu pansi pang'onopang'ono. Pulogalamu ya kabokosiko analemba ndi iwo, ndi manja awo.

"Za kuchipatala bwanji?" ndinafunsa atadula foni.

"Ana a anthu atsala pang'ono kubayidwa madzi opanda ntchito, mayi a Kabatani. Ndipeze kaye chavuta. Lachisanu."

Anafafaniza Lolemba, nalemba Lachisanu. Ine ndinaona kuti chalembedwa, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Ndinatenga makapu kukatsuka.

Chovutacho sichinapezeke Lachisanu. Sichinapezeke mwezi umenewo, kapena winawo. M'kachipinda muja ankazimitsa furiji dala, n'kukhala pansi maso pa wotchi. Pakatha mphindi khumi belu linkalira bwinobwino, Kabatani n'kuvina. Ankayesa m'mawa, ankayesa masana, belu losaphonya. Koma kuchipatala chachikulu chija zinachitikanso kachiwiri, kenako pachipatala chinanso. M'zipatala zing'onozing'ono, zopanda anthu ambiri, timabokosi tinkalira monga mwa masiku onse. Abwana ankaimba kawiri patsiku. Mnzawo wa kuntchito, wamtali, amene tinkamutcha Wamagalasi, ankabwera n'kukhala nawo m'kachipindamo, onse awiri atagwira m'mutu ngati ali pamaliro.

Ine wotchi yanga inali makina ometera. Masabata awiri alionse, Loweruka, ndinkawakhazika pampando uja n'kupinda khutu. Nyemba ija inasanduka mtedza wosasenda. Mtedza unasanduka dzira la njiwa. Kenako kanabadwa kanzake m'munsi mwake, pafupi ndi fupa la paphewa.

"Kakula."

"Ndi inu mukukakulitsa ndi kukagwiragwira. Chilichonse chosisitidwa chimanenepa, onani mphaka wa anzathuwa."

"Musandiseketse, sindikuseka. Mupita liti?"

"Zili pamzere."

"Mzere wake wautali bwanji, ngati wa mpopi wa chilimwe?"

Ankaseka, n'kutulutsa kope, n'kulemba tsiku latsopano ndikuona. "Onani, Lachiwiri likubwerali. Ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu."

Zina sanandiuze koma ndinaziona ku ntchito zanga. Nsalu zapabedi ndinayamba kuchapa katatu pa sabata chifukwa zinkadzuka zitanyowa thukuta ngati zagwera m'beseni. Chakudya chinayamba kubwerera theka m'mbale. Tsiku lina ndinawapeza akuboola lamba ndi msomali wotentha. Ndinalankhula, sikuti sindinalankhule. Ndinalankhula mofatsa, ndinalankhula mokalipa, tsiku lina ndinalira. Ulendo uliwonse ndinkapatsidwa tsiku, ndipo ine, munthu wokhulupirira zolembedwa, ndinkalilandira ngati ndalandira kanthu.

Chovuta cha kabokosi chinapezeka chifukwa cha kuba kwanga.

Linali Lachinayi lotentha koopsa, iwo atapita ku ofesi kukakumana ndi abwana. Ndinali nditagula mkaka malita awiri, ndipo ndinati furiji ili apo ikuziziritsa mabotolo a manambala pamene mkaka wa mwana ukusasa, zimenezo ndi zamisala. Ndinalowa m'kachipinda, n'kuikamo mkaka, tomato, ndi madzi athu akumwa. Tsiku lonse ndinali uku ndi uku. Kabatani akufuna madzi, ndatsegula. Ndikufuna tomato, ndatsegula. Amayi a nyumba inayo amva kuti kuli madzi ozizira, abwera ndi ana awo anayi, aliyense ndi nthawi yake ya ludzu. Chimene sindinaone n'chakuti Kabatani, pokhala Kabatani, anali atadina swichi ya pakhoma m'mawa momwe. Pofika madzulo madzi anali ofunda, mkaka utagwirana, kabokosi kali phee.

Atafika ndinawachingamira pakhomo. "Ndalakwa, ndipo musayambe ndi kukalipa, yambani ndi kukhala pansi."

Ndinafotokoza. Sanakalipe. Anapita m'kachipinda nsapato zili kuphazi, nagwada patsogolo pa furiji.

"Belu silinalire?"

"Likanalira mkaka wanga ukanasasa?"

"Munatsegula kangati?"

"Ndimawerenga ngati? Mwina makumi atatu. Mwina kuposa."

Anayamba kulankhula pang'onopang'ono, ngati akudzifotokozera okha. Anati chitseko chikatseguka mphepo yofunda imalowa, ndipo kabokosi kakayeza pomwepo kangalize belu pachabe, anamwino n'kutopa nako. Ndiye anakalembera kuti chitseko chikagogoda, ntchito yoyeza iikidwe pamzere, ichitike pakatha mphindi khumi, mphepo itakhazikika. Wina akatsegulanso mphindizo zisanakwane, nthawi ija imafafanizidwa n'kuyambanso kuwerenga khumi zatsopano.

"Imani kaye," ndinatero. "Aliyense akatsegula mumayambiranso?"

"Eya, kuti tiyeze zoona."

"Ndiye kuchipatala chodzaza, kumene namwino amatsegula mwana aliyense akafika pampando, mphindi khumi zanuzo zidzakwana liti? Zili ngati ine ndinene kuti ndidzakolopa pakatha ola Kabatani atasiya kuponda matope. Ndidzakolopa atakwatiwa."

Anandiyang'ana pakamwa pali yasa. Miyezi inayi, anthu awiri a madigiri.

"Ndiye inu mukanatani?" anafunsa ndi mawu ang'onoang'ono.

"Nthawi yoyambayo ikhale yomweyo. Wina atsegule, asatsegule, ikakwana yakwana. Mukayeza n'kupeza kuti ndi mphepo chabe, palibe chaonongeka. Koma muyeze."

Anakhala pa kompyuta, ndipo tiyi asanazizire anali atamaliza. Mizere itatu yokha ya pulogalamu. Anazimitsa furiji, n'kundiuza kuti ndizitsegula ndi kutseka mmene ndingafunire. Ndinatsegula, ndinatseka, Kabatani akundithandiza ndi mtima wonse. Mphindi khumi zitakwana, belu linalira. Anandinyamula m'mwamba n'kuzungulira nane, akufuula kuti anakwatira injiniya osadziwa. Sanamalize kuzungulira. Ananditsitsa akupuma ngati athamanga mtunda, ndipo manja anga, amene anali m'nthiti mwawo, anawerenga nthiti zonse kudzera m'malaya. Thupi linali lotentha ngati mbaula.

"Chapezeka," ndinatero. "Mawa kuchipatala."

"Mawa ndiyese ndi Wamagalasi. Kenako tiitumize ku timabokosi tonse, tilipo mazana awiri, ndipo tina tifunika kutipitira. Masabata awiri okha, mayi a Kabatani. Tafika kale kumapeto."

Anatulutsa kope. Anafafaniza. Analemba.

Pamenepa ndi pamene ndimaima ndikamaganiza. Pakamwa panga pomwepa panali patangotuluka mawu akuti nthawi yoyamba ikhale yomweyo. Panali pasanathe ngakhale ola. Ndinayang'ana tsiku latsopanolo, ndinati chabwino, n'kupita kukataya mkaka.

Masabata awiri aja anabala miyezi itatu. Timabokosi tina tinakana kulandira pulogalamu yatsopano, tina tinali kutali, ndipo kwina anakapeza mavuto ena amene sankawadziwa. M'mawa wina ndinawapeza patsogolo pa galasi akulimbana ndi batani la pakhosi. Malaya omwe ndinasita ndekha, amene m'mimba anali atayamba kuwakulira, pakhosi sankatsekeka. Ndinapita kukachipinda kuja, ndinakhoma, kiyi n'kumuponya m'ndowa ya ufa.

"Mayi a Kabatani, ndili ndi msonkhano wa pa kompyuta naini koloko."

"Muli nawo, ndi dokotala."

"Tiyeni tipangane Lachi..."

"Mukatulutsa kope limenelo ndilisonkhezera moto. Valani nsapato."

Anandiyang'ana, naona kuti si nkhope yochita nayo nthabwala. Anavala. Mwana ndinamusiya kwa amayi a nyumba inayo. Tinakwera basi ziwiri. Kuchipatala tinakhala pa benchi maola atatu, iwo n'kumandinong'oneza kuti mzere uwu akanaulemba bwino kuposa apa. Pofika masana tinali titaonana ndi dokotala. Basi. M'mawa umodzi.

Dokotalayo anali mayi wachitsikana, wolankhula modekha. Anagwira pakhosi, anagwira m'khwapa, anadina pamimba.

"Chinayamba liti, bambo?"

"Pali miyezi ngati iwiri..."

"Isanu ndi iwiri," ndinatero ine. "Chinali ngati nyemba. Ndimawameta ndine."

Dokotala sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangolemba, nthawi yaitali. Anadula kachidutswa kukayeza, tinadikira masabata atatu, ndipo titabwerera anatilowetsa m'chipinda chokhala ndi mipando yofewa. Ndinadziwiratu, poti mipando yofewa sapatsa munthu wa nkhani yabwino. Anati ndi khansa, ndipo yafika kale m'chifuwa ndi m'mimba. Anati ayesa mankhwala.

Ine ndimafuna zinthu zomveka. Amuna anga atatuluka kukayezetsa magazi, ndinatsalira.

"Adokotala, tikanabwera chili ngati nyemba?"

Anavula magalasi. "Mayi, za dzulo sindingakulonjezeni. Koma mtundu uwu ukapezeka msanga, nthawi zambiri umamva mankhwala."

Ndinathokoza, ndinatuluka, ndinakapeza mpopi panja n'kusamba kumaso. Kenako ndinapita kukawagulira nthochi, chifukwa anali asanadye.

Mankhwala anayesadi. Tsitsi linathothoka lokha, makina ometera ndinawapukuta n'kuwaika pamwamba pa kabati. Masabata khumi ndi imodzi omalizira anagonekedwa m'chipatala. Ndinkapita masana alionse ndi fulasiki ndi zovala zochapa. Nthabwala sizinawathere, zinangochepa mphamvu ngati wailesi ya mabatire otha. Tsiku lina anandikodola kuti ndiweramire.

"Muone furiji ili pakona apo. Pamwamba pake."

Panali kabokosi kawo, kagetsi kake kobiriwira kakuphethira.

"Anamwino akuti kamawasokosera. Ndawauza kuti akadandaule kwa akazi anga."

Tinaseka mpaka anatsokomola. Atapuma anandigwira dzanja.

"Kope lija lili m'dirowa ya tebulo. Mukukumbukira lamulo lachiwiri?"

"Sindikufuna kumva za malamulo."

"Mverani, injiniya. Musadzazisiye pamzere. Zimene mungathe mudzachite, zinazo mudzafafanize. Musadzachite nazo chisoni, ndi ntchito chabe."

"Mudzafafaniza nokha. Ine ndili ndi zochapa."

"Eya," anatero. "Zochapa."

Anamwalira Lachitatu m'mawa, ine ndili kunyumba ndikuyanika malaya awo oti ndipite nawo masana. Foni inalira ndili ndi zopanira zovala kukamwa. Ndinamaliza kuyanika. Sindikudziwa chifukwa chake. Anali atatsala malaya awiri m'beseni, ndipo ndinawayanika.

Patatha mwezi titaika maliro, Wamagalasi anabwera ndi galimoto kudzatenga furiji ndi mawaya, poti zinali za kampani. Anaima pakhomo akupotokola chipewa.

"Alamu, pepani kuti ndabwera kudzakulandani."

"Tengani, achimwene. Furijiyo mkaka wanga siinkaufuna kale."

Anaseka pang'ono, kenako magalasi anachita nthunzi. Asananyamule kompyuta anaiyatsa n'kundiitana. Anati pulogalamu iliyonse ikakonzedwa, wokonzayo amalemba mawu ofotokoza chimene chinavuta, ndipo mawuwo sachotsedwa. Anandilozera mzere wina, n'kundimasulira. Amuna anga analemba kuti cholakwikachi anachipeza ndi akazi awo, pogwiritsa ntchito malita awiri a mkaka. Wamagalasi anati mwezi wathawo belu linalira m'zipatala ziwiri zikuluzikulu, katemera n'kupulumuka yense.

"Ndi ana ambiri amenewo, alamu."

"Ndamva," ndinatero. Ndipo ndinamvadi. Sindidana nawo anawo.

Galimoto itapita, m'kachipinda munatsala tebulo lokha ndi chizindikiro cha miyendo ya furiji pansi. Ndinatsegula dirowa. Kope linali momwemo.

Tsamba la kuchipatala linali lodetsedwa kuposa onse. Amuna anga anali munthu wadongosolo, ndiye akasintha tsiku ankalemba pambali, ndi tizilembo ting'onoting'ono, tsiku limene asinthiralo. Ndinawerenga mizere yofafaniza. Inalipo khumi ndi isanu ndi umodzi. Woyamba unali wa Lolemba la foni ya abwana, wina wa Lachinayi la mkaka. Khumi ndi inayi yotsalayo ndinatenga kalendala ya pakhoma n'kuilondola ndi chala. Loweruka. Loweruka. Loweruka. Onse anali masiku ometa.

Ndinakhala pansi, pa simenti.

Malo ena tsiku lolonjezedwa linali lisanafike n'komwe. Analemba Lolemba, ine n'kuwameta Loweruka, n'kupinda khutu, n'kunena kuti kakula, mupita liti. Iwo, pofuna kunditonthoza ndi tsiku loti silingalephereke, n'kufafaniza Lolemba lija n'kulemba lina la kutsogolo, ntchito ikadzachepa. Ine ndikugogoda, iwo akuyankha msanga n'kuyambiranso kuwerenga. Tonse awiri tinkachoka pampando paja mitima ili m'malo, ngati tachitapo kanthu. Chitseko chija chotsegukatseguka chinali ine.

Sindikunena kuti ndinawapha. Anali munthu wamkulu, miyendo anali nayo, ndipo ndimawakwiyira mpaka lero, makamaka ndikamasita. Koma kiyi uja ndinamuponya mu ufa mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndipo ndowa ya ufa inali pomwepo kuyambira mwezi woyamba.

M'kope munatsala ntchito makumi awiri ndi zitatu. Ndinachita monga ananenera. Mpopi wodontha ndinamanga ndekha ndi mphira. Nsapato za Kabatani ndinagula. Buku la Wamagalasi ndinabweza. Kalata ya kwa achemwali awo ndinaimaliza ndi dzanja langa n'kuitumiza. Zina ndinafafaniza ndi cholembera chawo chomwe: kugula malaya a pakhosi potakasuka, kukonza wailesi imene sindidziwa m'kati mwake, kupita ndi mayi a Kabatani kukajambulitsa. Patsamba loyambirira penipeni, pa ntchito yakale kuposa zonse, panalembedwa kuti: kukawalembetsa mayi a Kabatani sukulu ya masana. Sanandiuzepo. Tsiku lake nalonso linali litasunthidwa kangapo. Ndinatseka kope, ndinabereka mwana, ndinapita tsiku lomwelo. Anati kalembera ndi mwezi wamawa. Ndinati ndilembeni pa pepala lililonse, sindichoka. Anandilemba.

Yatsala imodzi, imene mulibe m'kope. Kabatani tinamuphunzitsa kuti chakudya cha masana chikapsa, azipita kukagogoda kukachipinda kuja n'kunena kuti ababa, kwapsa. Inali ntchito yake, ndipo ankainyadira. Mpaka lero akangomva ndikuphula, amatsika pampando, amathamanga, amagogoda katatu. Ndamuuza. Ndamutsegulira kuti aone kuti mulibe munthu. Amayang'ana tebulo, amayang'ana ine, n'kunena kuti ali kuntchito. Mawa lake amagogodanso. Imeneyi sindingaimalize, ndipo sindikudziwa pofafanizira. Ndimangoima ndi chikombe m'manja mpaka abwerere.

Anthu amafunsa kuti matendawa anakudyerani zingati. Za ndalama sindiyankha, zimenezo zimapita n'kubweranso. Zimene zinapita ndi izi. Miyezi isanu ndi iwiri pamzere. Masabata atatu odikira zotsatira, ndi khumi ndi imodzi pabedi la chipatala. Mabowo atatu pa lamba. Malita awiri a mkaka. Furiji inafuna mizere itatu kuti ikonzeke. Iwo ankafuna m'mawa umodzi ndi basi ziwiri, Lolemba loyamba lija. Mwamuna mmodzi wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, wodziwa kuseketsa munthu ali pamoto. Bambo a mwana wa zaka zitatu. Ine ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo Loweruka ntchito zanga zimatha msanga.